Kufukula a Zisis

Evanthia anandiuza za tsikulo tili kumanda, aliyense akupukuta galasi la nyali pamtumbira wa mwamuna wake. Anati wansembe wasankha Loweruka lomaliza la Ogasiti. Zaka zisanu zinali zitakwana, ndipo monga timachitira ndi aliyense, a Zisis, mwamuna wa Evanthia, anayenera kufukulidwa, mafupa awo atsukidwe ndi vinyo, akalowe m'kabokosi m'nyumba ya mafupa kuseri kwa tchalitchi.

"Nanga akatuluka osatha?" anafunsa osandiyang'ana.

Tonse tinakula tikumva kuti munthu amene anakhala bwino dothi limamulandira, limadya mnofu wonse, mafupa n'kutuluka oyera. Amene watuluka mnofu ukadalipo amabwezeredwa m'dzenje. Azimayi sanena kanthu pamandapo, amakanenera kunyumba, ndipo zimene anenazo zimamatirira pa dzina la munthuyo mpaka kalekale. Evanthia anali ndi chifukwa chachikulu choopera. A Stergios, mkulu wawo wa a Zisis, bere limodzi, anawatemberera pamaso pa anthu kuti dothi lisadzawadye, ndipo mawuwo anali asanabwezedwe.

A Zisis anali munthu wamfupi, wa makutu aakulu, woyenda ngati kulibe kumene akumudikira. Ntchito yawo inali kumezanitsa mitengo. M'mapiri a kumtunda kwa mudzi wathu muli mitengo yambiri ya azitona akutchire, yaminga, yobala tizipatso towawa. Dzinja likamatha iwo ankakwera kumeneko ndi kampeni kokhota, luzi ndi phula. Ankadula mtengo wakutchire, kung'amba khungwa pang'ono, kulowetsamo kanthambi ka mtengo wabwino, n'kumanga. Ankachitira aliyense wowaitana, ndipo akamabwerera ankamezanitsanso mitengo ya m'mbali mwa njira, yopanda mwini. Anthu ankawaseka kuti akugwirira ntchito mbuzi ndi alendo. Mpaka lero mukamapita kuchigayo mumadutsa mitengo yobala bwino imene palibe anganene kuti ndi yake.

Ali anyamata, a Stergios anapita ku Jeremani kukagwira ntchito m'fakitale ya zitsulo, ndipo atakhazikika anaitana mng'ono wawo. A Zisis anapita. Anakhalako dzinja limodzi, n'kubwerera ndi sutikesi yomweyo ndi chipewa chatsopano. Anthu atafunsa chimene chavuta, anati palibe. Malipiro anali abwino, bedi linali lofunda. Koma tsiku lina anayang'ana pawindo la fakitale n'kuona kuti nthawi yomezanitsa yafika, ndiye ananyamuka. A Stergios anachita manyazi kwambiri kwa bwana amene anamupempha malowo, ndipo ndikhulupirira kuti ming'alu inayambira pamenepo.

A Zisis anakwatira Evanthia, ndipo Mulungu sanawapatse mwana. Ankakhala m'nyumba yakale ya makolo, kumunsi kwa mudzi, kumene kuli munda wa bambo awo. M'mundamo muli kasupe wosaphwa, mkuyu waukulu, ndi tebulo la mwala pansi pa mkuyuwo. Dzuwa likapepa, amene wamaliza ntchito ankatsikira kumeneko. Patebulo pankakhala mkate, azitona, tchizi, tomato wa m'mundamo, ndi kabotolo ka tsipuro, kachasu wathu wa mphesa. A Zisis ankathirira aliyense kawiri basi. Wopempha kachitatu ankamusonyeza kasupe.

Mwamuna wanga Vaios ankapitako, ndipo nthawi zina ine ndinkatsagana naye, n'kukakhala pakhonde ndi Evanthia tikusenda nyemba. Ndinkamva zonse. Amene ankayankhula kwambiri anali a Lambros, mphunzitsi wopuma, amene anaphunzitsa theka la mudzi kuwerenga. Ankakonda za makolo athu akale, anzeru a ku Atene. Ine ndinaphunzirako pang'ono za anthu amenewo kusekondale m'tauni ya Larisa bambo asananditulutse, koma kusukulu tinkangoloweza. Pansi pa mkuyu ndi pamene ndinamva kuti anthu ajawa ankakangana za chinthu chimene ifenso timakangana, chakuti munthu wakhala bwino akatani.

"Iwe Zisis," aphunzitsi anatero tsiku lina, "ukanabadwa kalelo ukanakhala wa gulu lija linkasonkhana m'munda. Ankati moyo wabwino ndi mkate, madzi, anzako, ndi mtima wosanjenjemera."

"Ankalima chiyani m'mundamo?"

"Sindikudziwa. Mwina ndiwo zamasamba."

"Zaka zonsezi mukuwawerenga, osafunsa chimene ankalima? Bweretsani kuno tchiziyo, aphunzitsi, simunaigwirire ntchito."

Aphunzitsi sankakhumudwa. Ankapitiriza kuti panali ena amene ankati zokoma n'zosadalirika, chofunika ndi khalidwe, ndipo chimene sungathe kuchisintha usachilirire. Vaios wanga, amene ankavutika ndi msana, ankawakonda amenewo. Panalinso wina amene ankati chinthu chilichonse chili ndi ntchito yake, mpeni kudula, diso kuona, ndipo munthu wakhala bwino ngati wagwira bwino ntchito ya umunthu, osati tsiku limodzi koma moyo wonse. N'chifukwa chake, ankatero aphunzitsi, akalewo sankafulumira kuyamikira moyo wa munthu asanaone mathero ake.

"Ndiye mudzandiuze ndikadzafa," ankayankha a Zisis. "Mudzayankhule mokweza, ndidzakhala pansi ndithu."

Sindifuna kuwajambula ngati woyera mtima wa pakhoma la tchalitchi. Kufatsa kwawo nthawi zina kunkalemera anthu ena. Denga la nyumba yawo linadontha zaka zambiri. Mvula ikagwa Evanthia ankatchera mabeseni, iwo n'kumati tamvera mmene madonthowa akuimbira. Evanthia ankandiuza kuti n'zosavuta kukhala ndi mtima wosanjenjemera ngati pali wina wokutayira madzi a m'beseni. Ankanena akuseka, koma si nthawi zonse.

A Stergios anabwerera kumudzi tsitsi litayamba imvi, ndi galimoto yaitali ndi chifuwa chosatha chimene anachitenga kufakitale. Anamanga nyumba yosanja pafupi ndi bwalo. Sanali munthu woipa. Anakonza belu la tchalitchi, anaphunzitsa ana awo mpaka ku Atene, ndipo ankafuna kuti achinyamata asamathawire kunja monga anachitira iwo. Anagwirizana ndi amalonda ena a ku Larisa kuti amange fakitale yoviika azitona m'migolo. Ntchito imeneyo imafuna madzi ambiri ndi malo athyathyathya pafupi ndi msewu. Malo otere analipo amodzi okha, munda wa bambo awo, umene abale awiriwa anali asanagawane.

A Zisis anati mkulu wawo atenge mbali yonse yakumtunda ya mundawo, atengenso madzi ndi paipi mmene angafunire, koma mkuyu ndi tebulo zikhale. A Stergios anati fakitale simangidwa mozungulira mtengo. Amalonda aja anadikira, anatopa, n'kukamanga kumudzi wina.

Zinaphulika pa Pasaka. Nkhosa inali ikuwotchedwa m'mundamo, anthu ali ambiri. A Stergios anatsika atavala suti, osapereka moni.

"Anyamata makumi angati akanapeza ntchito pano," anatero, "iwe n'kusankha mthunzi. Wachita chiyani ndi moyo wako? Nyumba yodontha. Mwana ulibe. Ukadzafa udzasiya chiyani, kampeni?"

Pa mawu a mwana aja Evanthia anagwetsa mbale. A Zisis anayang'ana mbaleyo, anayang'ana mkulu wawo, n'kumwetulira.

"Khalani pansi, achimwene, nyama ikuzizira. Mwathamanga dziko lonse kufuna malo okhala, mpando uli pomwe munausiya."

Anthu ena anaseka. Ndikuganiza kuti a Zisis akanakalipa zikanatha bwino. Kuseka kuja ndiko kunabaya. Nkhope ya a Stergios inada, ndipo ananena pang'onopang'ono, aliyense akumva:

"Dothi ukulikakamirali lisadzakudye."

Azimayi anadzilemba mtanda. A Stergios anakwera njira osacheuka.

Kuyambira pamenepo sanayankhulanenso. Chaka chilichonse nkhuyu zoyamba zikapsa, a Zisis ankadzaza kadengu n'kukasiya pakhomo la nyumba yosanja ija. Madzulo kadengu kankabwerera kali kodzaza. Iwo ankakaika patebulo n'kumati, "Idyani, anthu inu. Nkhuyu zimene zakaona nyumba yosanja zimakoma mwapadera." Koma Evanthia anandiuza kuti pa tsiku limenelo mwamuna wake sankadya mgonero.

A Zisis anamwalira nthawi yomezanitsa, kuphiri. Abusa anawapeza atatsamira mtengo, luzi lili pabondo, ngati akupuma. Mtengowo anali atamaliza kuumanga. Pamaliro a Stergios anaima kunja kwa mpanda wa manda, chipewa chili m'manja. Sanalowe kudzapsompsona mng'ono wawo komaliza. Evanthia anaika kampeni kaja m'thumba la jekete ya malemu, bokosi n'kutsekedwa.

Patapita zaka ziwiri Vaios wanga anatsatira, ndipo anaikidwa mzere womwewo, kumtunda, kumene dothi lake ndi lamakande, lolimba ngati njerwa m'chilimwe. Azimayi ovala zakuda amapita kumanda madzulo, onse pamodzi, kukayatsa nyali, kulira ndi kucheza. Ine khamu limanditopetsa. Ndinkapita nawo, koma nthawi yanga yeniyeni inali masana, dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse utatseka mawindo kugona. Ndinkakhala pamthunzi wa mkungudza n'kumauza Vaios nkhani za kunyumba.

Masana ena otere ndinamva chitseko cha mpanda chikulira. Analowa a Stergios, atanyamula zigubu ziwiri, akupuma movutikira. Anapita molunjika pa manda a mng'ono wawo. Anatulutsa kachitsulo, n'kuboola dothi malo angapo m'mbali mwa mtumbira, kenako anathira madzi pang'onopang'ono, kudikira kuti alowe, n'kuthiranso. Potembenuka anandiona.

Tinayang'anana. Nkhope yawo inali thukuta lokhalokha.

"Dothi louma limasunga munthu," anatero, ngati ndawafunsa. Kenako anawonjezera, "Simunandione, mayi Asimina."

Ndinagwedeza mutu. Pambuyo pake ndinawaonanso kambirimbiri, chilimwe chilichonse. Sitinkapatsana moni. Iwo ankathira madzi awo, ine ndinkayankhula ndi wanga chamumtima. Zigubuzo ankatunga kumunsi kwa munda wa bambo awo, kumene madzi a kasupe uja amatulukira kumsewu.

Ogasiti wa chaka chachisanu atalowa, Evanthia anayamba kuwonda. Ndinkamupititsira msuzi, ndikabwera mawa lake n'kuupeza uli momwemo. Anayamba kunena zopempha wansembe kuti adikire chaka china, koma ankadziwa kuti kudikirako anthu adzakuwerenga ngati kuvomera. Tsiku lina ndinamupeza pansi pa mkuyu ndi aphunzitsi, amene tsopano ankayendera ndodo. Tebulo linali litachita ndere.

"Aphunzitsi, inu munkati tidikire mathero," anatero Evanthia. "Mathero ndi awa afika. Ndiuzeni, munthu uja anakhala bwino kapena ayi? Chifukwa ine ndikakhala ndekha ndimamva mawu a alamu. Nyumba yodontha, mwana palibe. Mwina ankanena zoona."

"Mwana wanga, mafupa ndi nkhani ya dothi ndi madzi. Masiku ano anthu amamwa mankhwala ambiri, matupi amachedwa. Zimenezi sizinena kanthu za munthu."

"Kauzeni azimayi a kumanda zimenezo."

Aphunzitsi anakanda ndevu. "Akale aja ankasiyana pa zambiri. Koma sindikumbuka ndi mmodzi yemwe amene ankati munthu angakhale bwino popanda abwenzi. Zisis anali nawo odzaza tebulo ili."

"Koma mbale wake weniweni anamutaya."

"Eya," anavomera aphunzitsi. "Pamenepo pali chilema, sindinganame. Ankafunsananso ngati zochita za amoyo zimamukhudza munthu amene wapita, ngati zingawonjezere kapena kuchotsa pa moyo wake. Wina anayankha kuti zimamukhudza, koma pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Sananene."

"Anthu anuwo," anatero Evanthia, "sankamaliza nkhani, ngati Zisis ndi denga."

Anaseka pang'ono, kenako analira. Ndinkafunitsitsa kumuuza za zigubu zija, koma chinsinsicho sichinali changa. Komanso madzi si amene ankamusowetsa tulo. Temberero limachotsedwa ndi pakamwa pomwe linatulukira.

Lachisanu m'mawa ndinavala mpango wanga wabwino n'kupita kunyumba yosanja. Ndinali ndisanalowemo chiyambire. Ndinawapeza a Stergios pakhonde, khofi atazizira patsogolo pawo. Akazi awo anali atamwalira, ana ali ku Atene, ndipo nyumba yonseyo ankagonamo okha, m'chipinda chimodzi chapansi.

"Mwabwera kudzandiitana," anatero.

"Ndi mawa, likatha pemphero la m'mawa."

"Ndikudziwa tsiku lake, mayi. Ndakhala ndikulidziwa zaka zisanu." Anatsokomola nthawi yaitali. "Ndikabwera, iye n'kutuluka osatha, maso onse adzakhala pa ine. Mukudziwa zimenezo?"

"Mukapanda kubwera adzakhala pa Evanthia," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono. "Madzi mwathira okwanira. Chatsala n'chopepuka kuposa zigubu."

"Chopepuka," anabwereza, akuyang'ana kumsewu. "Inu simunamuone mmene anandisekera."

"Ndinalipo."

Ndinaima pang'ono, kenako ndinatsika masitepe.

Loweruka kunacha kopanda mtambo. Mudzi wonse unabwera, ngakhale amene sabwera pa zoterezi. Azimayi anazungulira mtumbira atanyamula maluwa ndi makandulo. Pambali panali beseni, mtsuko wa vinyo, nsalu yoyera, ndi kabokosi kachitsulo kolembedwa dzina. Evanthia anakhala kumutu kwa manda, ine pambali pake nditamugwira mkono. Anyamata awiri anachotsa miyala ya m'mbali n'kuyamba kukumba. Mmodzi anadabwa kuti dothi likufewa chonchi m'mwezi wouma. Azimayi anayamba nyimbo za maliro, motsitsa.

Dzenje litafika m'chiuno, dothi linayamba kuda, ndipo fosholo inagunda thabwa lowola. Nyimbo zinaleka. Apa ndi pamene anyamata amatuluka, wachibale n'kulowa kukakumba ndi manja. Evanthia anayesa kudzuka, koma analephera.

Chitseko cha mpanda chinalira. Anthu anapatuka okha. A Stergios anadutsa pakati pawo atavala suti, ndipo ndikhulupirira kuti inali yomwe ija ya pa Pasaka. Anavula jekete n'kupatsa aphunzitsi, anakwinya malaya, n'kukhala m'mphepete mwa dzenje.

"Tandigwira, iwe," anauza mnyamata mmodzi. "Ukuona ngati ndingalumphe?"

Anawatsitsa. Anagwada pa dothi lakudalo ndi buluku lawo labwino. Asanakhudze kanthu anaika zikhato zonse ziwiri pansi, ndipo anayankhula mokweza, monga amayankhulira munthu ndi wina amene ali kuseri kwa chitseko.

"Zisis. Ndine Stergios. Mawu aja ndabweza. Ndinanena ndi mkwiyo, ndabweza onse, ndi a mwana omwe. Dothi likudye, mng'ono wanga, likupepukire. Undikhululukire."

"Mulungu amukhululukire," anayankha azimayi, monga timayankhira.

Kenako anayamba kupalasa ndi zala. Ndinamva mkono wa Evanthia ukuuma m'dzanja langa. Choyamba kutuluka chinali kampeni kaja, kadzimbiri. Anakapukuta pamalaya n'kukapereka m'mwamba. Anapalasanso chakumutu, mosamala, nthawi yaitali, msana wawo utatitchinga. Kenako anaweramuka atanyamula chigaza m'manja awiri.

Chinali choyera, chachikasu pang'ono ngati phula la njuchi, chopanda kanthu kena kalikonse.

Mpweya umene anthu anaugwira unatuluka pamodzi. Mayi wina wachikulire anati, "Taonani kuyera kwake," ndipo mawuwo anayenda mpaka kumbuyo. A Stergios anachotsa dothi m'maso mwa chigazacho ndi chala chachikulu, anachiyang'anitsitsa, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Tamuonani," anatero. "Akundisekabe."

Anthu anaseka pamanda, wansembe yemwe. Evanthia analandira mwamuna wake, anamupsompsona pamphumi, anamukulunga ndi nsalu yoyera imene anaipeta yekha, n'kumufungatira ngati khanda. "Takulandira, Zisis wanga," anatero. "Wachedwa ngati kale." Chigazacho chinayenda m'manja mwa onse amene ankakhala pansi pa mkuyu. Mafupa ena anatuluka limodzilimodzi, onse oyera. Wansembe anathira vinyo katatu mopingasa, ife tinatsuka, tinayanika pansalu, n'kuika m'kabokosi.

Titagawana tirigu wowiritsa wa chikumbutso pachipata, Evanthia anati amene akufuna atsikire kumunda. Tebulo linali litakwechedwa. Sindikudziwa kuti analikwecha liti. Panabwera mkate, tchizi, azitona ndi kabotolo. A Stergios anaima chapatali, maondo a buluku ali matope, mpaka Evanthia anati, "Alamu, mukufuna ndikutumizireni galimoto?" Anabwera n'kukhala.

Evanthia anatembenukira kwa ine, anthu onse akumva. "Asimina, ndisanaiwale. Ukuganiza kuti sindinkaona? M'chilimwe manda onse ali gwa, a Zisis okha udzu uli biriwiri m'mbali. Ndiwe wekha umapita kumeneko masana. Mulungu akudalitse manja."

Nkhope yanga inatentha. Ndinayang'ana mbale yanga, kenako ndinayang'ana a Stergios. Iwo anali kalikiliki kusenda nkhuyu.

"Asiyeni mayiwa," anatero osadzutsa mutu. "Angathe zigubu ziwiri amenewa? Ndinali ine."

Evanthia anawayang'ana nthawi yaitali. Sananene zikomo. Anakankhira kadengu konse ka nkhuyu patsogolo pawo, kadengu komwe kaja.

"Nanga aphunzitsi," anafunsa wina, "chayeretsa mafupa n'chiyani, moyo wabwino kapena madzi?"

"Madzi," anatero aphunzitsi. "Koma tafunsani kuti ndi munthu wotani amene mdani wake amamutungira madzi zaka zisanu." Anakweza kagalasi kawo kuloza kumanda, n'kukweza mawu. "Zisis, unati ndidzayankhule mokweza. Unakhala bwino. Wamva? Panali chilema chimodzi, chatsekedwa lero. Pang'ono paja akale sananene kukula kwake, ine ndapaona."

"Denga sanakonze," anatero Evanthia.

"Nkhuyuzi zapsa mopitirira," anadandaula a Stergios, akutenga ina. Anayang'ana kasupe, anayang'ana nyumba. "Kasupeyu akufunika simenti m'mbali, madzi akungotayika."

"Kasupe musiyeni, alamu. Ngati manja akuyabwa, yambani ndi denga."

A Stergios anayamba Lolemba. Okha sakanakwera, koma anabweretsa amisiri n'kuima pansi akuwakalipira mpaka matailosi onse atalowa m'malo. Mvula yoyamba itagwa Evanthia anandiuza kuti anasowa tulo chifukwa cha bata.

Patapita masiku anavula zakuda, n'kuvala diresi yabuluu imene inali itamukulira. Macheza a patebulo anayambanso, ngakhale si tsiku lililonse. A Stergios amatsika madzulo ambiri. Amakangana ndi aphunzitsi, ndipo sanasinthe maganizo. Amanenabe kuti fakitale ija ikanathandiza mudzi, ndipo aphunzitsi amavomera kuti mwina ikanathandizadi, chifukwa akale ena ankati munthu wabwino amagwirira ntchito mzinda wake, sabisala m'munda. Akatero a Stergios amasangalala ngati mwana, n'kupempha kachitatu. Evanthia amawasonyeza kasupe.

Kampeni kaja a Stergios anakachotsa dzimbiri n'kukanola. Dzinja litatha ndinawaona m'mbali mwa njira ya kuchigayo, magalasi ali pamphuno, akulimbana ndi mtengo wakutchire. Mwa mitengo imene anamezanitsa chaka chimenecho inagwira iwiri yokha. Amayendetsa anthu njira yaitali kuti akawaonetse.

Vaios wanga akadali pansi, nthawi yake sinakwane. Ndimapitabe masana kukamuuza nkhani, ndipo masiku ano ndimanyamula kachigubu kamodzi, kakang'ono. Tsiku lina ndinapeza m'mbali mwa mtumbira wake muli kale monyowa. Sindinafunse aliyense. Madzulo ake ndinatsikira kumunda, ndipo Evanthia atandiitanira pakhonde ndinamuuza kuti nyemba zidikire. Ndinakakhala patebulo, pa mpando umene Vaios ankakhala, ndipo aphunzitsi anandipatsira mkate.